Laputopu ikamatentha pa magemu



Nyengo ya tchuthi ikafika, makolo ambiri amabwera ndi dandaulo limodzi lomwelo: laputopu ya pakhomo yayamba kulira ngati chigayo, kunsi kwake kukuotcha, ndipo nthawi zina ikuzima yokha mwana ali pakati pa gemu. Ambiri amathamangira kunena kuti yalowa vairasi, koma kawirikawiri vuto limakhala kutentha basi. M'makomo ambiri laputopuyo imakhala imodzi yokha. Momwemo muli ntchito ya Computer Studies ya mwana wa Fomu 4, momwemonso muli mawerengero a golosale ya bambo. Ikafa, si gemu yokha imene yatayika.

Mkati mwa laputopu muli kachipangizo kotchedwa graphics card, ena amati GPU, kamene kamajambula zonse zimene timaona pa sikirini. Mukamalemba mu Word kamakhala ngati kakupuma, chifukwa tsamba silisuntha. Koma gemu ya mpira ngati FIFA, imene kuyambira 2023 ikutchedwa EA Sports FC, imafuna kuti osewera 22, udzu, anthu oonerera ndi mithunzi yawo zijambulidwe mwatsopano ka 60 kapena kuposa pa sekondi iliyonse. Ntchito imeneyi imadya magetsi, ndipo magetsiwo amasanduka kutentha. Khadi ya NVIDIA RTX 3050 ya mu laputopu imadya mawati apakati pa 35 ndi 80. Amene mukukumbukira mababu akale a mawati 60 mukudziwa mmene ankaotchera dzanja. Tsono kutentha ngati kumeneko kukuchokera pa kanthu kofanana kukula ndi chikhadabo cha chala chachikulu.

Pofuna kuchotsa kutenthaku, opanga amayika timapaipi ta mkuwa pamwamba pa kachipangizoka. M'timapaipimo anatsekeramo timadzi pang'ono. Timadzito tikatentha timasanduka nthunzi, nthunziyo imathamangira ku tizitsulo topyapyala tomwe tili pafupi ndi potulukira mpweya, fani n'kumauzira mpaka nthunzi ibwerere kukhala madzi. Zonsezi zimadalira mpweya. M'malaputopu ambiri mpweya umalowera kunsi n'kutulukira m'mbali kapena kumbuyo. Ndiye mwana akaikhazika pa matiresi, pa mtsamiro kapena pa kapeti, waitseka mphuno. Pa ntchafu si pabwinonso, pakuti kupatula kutseka mabowo, kutentha kwa tsiku ndi tsiku kumasiya mabanga pakhungu.

Mankhwala oyamba alibe mtengo. Ikani laputopu pa tebulo kapena pa thabwa, ndipo ikwezeni pang'ono kumbuyo kuti mpweya udutse kunsi. Zitsekerero ziwiri za mabotolo zimakwanira. Amene mumakonda kukhala pansi pa mkeka, pezani kathabwa kanu. Koikapo Qur'an kaja kali ndi ntchito yake.

Nanga kutentha koyenera ndi kotani? Pa nthawi ya gemu, madigiri 65 mpaka 85 si odetsa nkhawa. Makhadi ambiri a NVIDIA a mu laputopu akafika cha pa 87 amayamba kudzichepetsa liwiro okha kuti azizire, ndipo purosesa ya Intel imachita chimodzimodzi cha pa 100. N'chifukwa chake gemu imayamba bwinobwino kenaka n'kuyamba kudukizadukiza. Kudzichepetsa liwiro kukalephera, laputopu imazima yokha. Kuzimako ndi kudziteteza, ndipo kuiyatsanso pompo n'kupitiriza gemu ndi kukaniza chenjezo. Kuti muone nambala yeniyeni pa Windows 10 kapena 11, dinani Ctrl, Shift ndi Esc pamodzi, pitani pa Performance, kenaka pa GPU. Ngati sizikuoneka pamenepo, pulogalamu yaulere ya HWiNFO imaonetsa.

Tinene mosabisa kuti malaputopu ambiri amene ali m'makomo mwathu ndi a muofesi, ogwirapo kale ntchito, ena otumizidwa ndi abale a ku Joni. Otere alibe khadi yapadera. Zojambulajambula zimachitikira mu purosesa momwemo, ndipo fani ndi imodzi yaing'ono. Sanapangidwire magemu olemera, ndipo palibe njira imene ingawasandutse kukhala otero.

Nyengo nayo imathandizira. Fani imaziziritsa ndi mpweya wa m'chipinda momwemo, choncho m'chipinda mukawonjezeka madigiri 10, mkati mwa laputopu namo mumakwera pafupifupi chimodzimodzi. Laputopu imene inkapirira mu June ikhoza kugonja mu October masana, m'nyumba ya malata ku Mangochi kapena ku Salima. Miyezi yomweyo ndi ya fumbi. Fumbilo limaunjikana pakati pa fani ndi tizitsulo tija mpaka kukhala ngati kachidutswa ka bulangete, fani n'kumangolira mpweya osatuluka. Kunja mukhoza kupukuta nokha ndi kaburashi kofewa, laputopu itazimitsidwa komanso itachotsedwa ku magetsi. Zotsegula mkati siyirani mmisiri, ndipo mumupemphe aonenso thermal paste, kaphala kamene kamapakidwa pakati pa kachipangizo ndi mkuwa. Kamauma pakapita zaka zingapo. Mankhwala otsukira mano sangalowe m'malo mwake, kaya mwaona pa YouTube. Musaikenso laputopu mu firiji, chifukwa chinyontho chimadzapanga madontho mkati.

Pali njira ina imene ana athu saikonda, koma ife timaiona kuti ndiyo yanzeru kuposa zonse. Masikirini ambiri a laputopu amatha kuonetsa zithunzi 60 zokha pa sekondi. Khadi ikasiyidwa yopanda malire imatha kujambula 100 kapena kuposa, zambiri mwa izo diso osaziona n'komwe. Zili ngati munthu wopanga udhu atasiya mpopi uli chitsegulire: madzi akupita, koma udhuwo sukuwonjezeka. Ku madrasa timaitchula kuti israf. Lowani mu settings ya gemu, yatsani V-Sync kapena ikani malire pa 60. Tsitsani mithunzi ndi zokongoletsa kuchoka pa High kufika pa Medium, ndipo pa laputopu yofooka tsitsani kuchoka pa 1080p kufika pa 720p. Chigoli chimalowabe chimodzimodzi, koma fani imayamba kulira motsika.

Adhana ikamveka, tsekani gemu kwenikweni. Kungoiimitsa sikokwanira, chifukwa magemu ambiri amapitiriza kujambula ngakhale ataimitsidwa, ndipo mudzabwera kuchokera ku mzikiti n'kupeza laputopu ili yotentha ngati poyamba. Choopsa kwambiri ndi kuipinda n'kuiponya m'chikwama gemu isanatsekedwe, pakuti ikapanda kugona bwino imapsa m'menemo popanda mpweya.

Makolo, kamodzikamodzi yang'anani batire. Mabatire a lithiamu amakalamba msanga ndi kutentha, ndipo ena amatupa. Chizindikiro chake ndi touchpad yotukuka, kiyibodi yopindika, kapena laputopu yosakhazikika bwino pa tebulo. Mukaona zimenezi, ichotseni pa chaja, musaidinikize kapena kuiboola, chifukwa batire yotupa imatha kuyaka moto. Isagone m'chipinda cha ana usiku umenewo, ndipo mawa lake ipite kwa mmisiri akachotse batireyo.