Kandege ka Mtengo wa Balsa ndi Ana a ku Linga

Aliyense amene anayendapo m'midzi ya m'mbali mwa nyanja ku Nkhotakota, kuyambira ku Chia, kudzera pa Linga, kufikira ku Dwangwa, adziwa kuti anyamata a kumeneko salephera kupinda mawaya kukhala galimoto, kapena kusema chiwale ndi kampeni kufikira chitasanduka ndege. Koma ndege zimenezi, ngakhale zikongola m'maso, zithamangira m'dzanja la mwini wake, ndipo akangozitaya zigwa pansi. Chimene chisowa ndicho muyeso, pakuti luso la manja lokha ana athu ali nalo lochuluka.

M'maiko ena muli anthu, akulu ndi ana omwe, amene ntchito yawo ya pamtima ndiyo kupanga tindege tofanana ndi ndege zenizeni, ndi kutiulutsa iwo ali chiimire pansi, kawailesi kali m'manja. Mtengo umene aukonda ndiwo balsa, wa m'nkhalango zotentha za ku America, makamaka m'dziko la Ecuador. Mtengowu ukula mofulumira kotero kuti ukwana kudula zaka 10 zisanathe, ndipo ukauma upepuka modabwitsa: chipika cha mita imodzi m'litali, m'lifupi ndi m'mwamba chilemera makilogalamu pafupifupi 160, pamene madzi odzaza malo omwewo alemera 1,000. Pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse Angerezi anauika pakati pa matabwa opyapyala popanga ndege yawo yotchedwa Mosquito. Kuno kwathu balsa ndi wosowa, koma mtima wa chiwale chouma, wophatikizidwa ndi timizere ta nsungwi, ukhoza kuyesedwa m'malo mwake ndi iye amene angoyamba kumene ntchitoyi.

Mmisiri ayamba ndi pulani, ndilo pepala lalikulu limene chiwalo chilichonse chajambulidwapo pa msinkhu wake weniweni. Aliyala pa thabwa losalala, naliphimba ndi pulasitiki kuti guluu asamatirire, ndipo adula nthiti za phiko imodzi imodzi, nazikhomerera ndi mapini pamwamba pa mizere yake, nazilumikiza ku kamtanda kamene kayenda kuchokera ku nsonga ina ya phiko kufikira ku inzake. Guluu akauma, apala ndi sandipepa, nakuta chigobacho ndi pepala lopyapyala kapena pulasitiki imene ikokeka ikamva kutentha. Pano mpamene akulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, chifukwa phiko limene lapotoka pang'ono pokha pouma lidzakokera kandege kumbali imodzi masiku onse a moyo wake.

Nanga chinyamula kandege n'chiyani? Phiko liri lokhota pamwamba, ndipo likhala lotukula pang'ono kutsogolo, kotero kuti pamene injini ilikoka, mpweya wodutsa pamwamba uthamanga koposa ndi kupanikiza mochepa, mpweya wonse wolizinga ukankhidwira pansi, ndipo phikolo likankhidwira kumwamba. Komatu zimenezi sizipindula kanthu ngati kulemera sikunagawidwe bwino. Msodzi wa pa Chia adziwa kuti bwato lolemera kumbuyo litukula mphuno ndi kukana nkhafi. Momwemonso kandege kolemera kumchira kayang'ana kumwamba, liwiro lake litha, mapiko aleka kugwira mpweya, ndipo kagwa chamutu. Mwa ichi mmisiri akanyamula pa zala ziwiri pansi pa mapiko, pamalo amene ali ngati gawo limodzi la magawo atatu kapena anayi kuchokera kutsogolo kwa phiko, nasuntha batire kufikira kataima mosapendekeka, mphuno itawerama pang'ono. Ine ndiyesa kuti mwana amene wachita zimenezi kamodzi ndi zala zake wamvetsa sayansi koposa amene analoweza tsamba lathunthu la mayeso.

Za wailesi sizivuta kufotokoza. Woulutsa akasuntha kandodo, uthenga upita pa mafunde a 2.4 GHz kukafika ku kachipangizo kolandira, ndipo timamota totchedwa servo tikoka timawaya timene tipinda zitseko zazing'ono za kumchira ndi za kumapiko: china chikweza kapena kutsitsa mphuno, china chitembenuza, zina zipendeketsa. Kandege kanyamuka ndi kutera koyang'ana kumene mphepo ichokera. Ndipo wa ku Nkhotakota achenjere ndi mwera, umene uomba mwaukali m'miyezi yozizira, asankhe m'mawa nyanja idakali bata, pa bwalo lotalikirana ndi nyumba, makoka ndi ana osamba.

Wina adzati zonsezi n'zoseweretsa za anthu okhuta. Ameneyo akumbuke kuti Wilbur ndi Orville Wright, amene anauluka ku Kitty Hawk pa 17 Disembala 1903, anakopeka mtima ali ana ndi kachidole kouluka ka nsungwi ndi pepala kamene atate awo anawabweretsera. Indedi, m'mera mpoyamba. Koma tisapite kutali. M'chaka cha 2017 boma la Malawi ndi bungwe la UNICEF anapatula mlengalenga mozungulira bwalo la ndege la Kasungu, boma loyandikana nalo lathuli, kuti akhale malo oyeserapo ndege zopanda woyendetsa. Ndipo chaka chomwecho ophunzira Achimalawi, motsogozedwa ndi akatswiri a ku yunivesite ya Virginia Tech, anapanga ndi manja awo tindege totchedwa EcoSoar, ta zipangizo zopepuka ndi zotsika mtengo, ndipo kamodzi kanauluka makilomita 19 kuchokera pa chipatala cha Gogode kufikira pa bwalolo, katasenza kaphukusi koyerekeza ka zachipatala. M'chaka cha 2020 sukulu ya African Drone and Data Academy inatsegulidwa ku Lilongwe kuti iphunzitse achinyamata ntchito yomweyi.

Ife amene tinaona madzi osefukira atadula msewu wa M5 cha ku Dwangwa m'chaka cha 2024 tidziwa kufunika kwa kanthu kamene kangaolotse mankhwala, kapena kadontho ka magazi a khanda kokayezedwa, pamwamba pa mtsinje wodzaza. Chifukwa chake ndipempha aphunzitsi a sayansi m'sukulu za sekondale za m'boma lino kuti ayambe ndi kandege kopanda injini, koponya ndi dzanja, kamene kafuna pulani, lumo, guluu ndi rula basi. Mota, batire ndi wailesi zidzagulidwe pamene kameneko kayamba kuuluka molunjika.