Shuga wobisala mu nsima: zonena za kwathu ndi zochitika m'thupi

Tsinani mbamu ya nsima, musaiviike m'ndiwo, muitafune nthawi yaitali osameza. Pakapita kamphindi mumva kakutsekemera kochokera kutali, chonsecho palibe wathiramo kanthu. Ufa wa chimanga, wa mapira kapena wa chinangwa ndi sitachi, ndipo sitachi ndi tizidutswa ta shuga wotchedwa glucose tolumikizana ngati mikanda pa ulusi. Malovu amayamba kudula ulusiwo mkamwa momwemo, matumbo n'kudzamaliza, ndipo cholowa m'magazi chimakhala shuga.

Ndayambira pamenepa chifukwa kuno kwa Mfumu Mphuka ndimamva kawirikawiri munthu akunena kuti, "Ine matenda a shuga sangandigwire, tiyi ndimamwa wosathira." Wonena zimenezi ndi yemweyo amene masana amagwetsa mitanda itatu. Pa magalamu 100 a ufa wa chimanga, pafupifupi 70 ndi sitachi, pamene kasupuni ka shuga wa mu tiyi ndi magalamu 4 okha. Werengani nokha kuti shuga wambiri akulowera khomo liti.

Musandimve ngati ndikunyoza nsima. Ubongo wa munthu wamkulu umatha magalamu pafupifupi 120 a glucose pa tsiku, ndipo maselo ofiira a magazi alibe chakudya china koma chomwechi. Msodzi amene wapalasa bwato pa Zambezi kuyambira mbandakucha akuyendera shuga amene minofu yake inasunga dzulo. Chiwindi nachonso chili ndi nkhokwe yake, ya magalamu pafupifupi 100, yosapitirira tsiku limodzi. Ikatha, thupi limayamba kudya mafuta ndi minofu yake. Amene anaona chilala cha 2024, chimene Pulezidenti Hakainde Hichilema anachilengeza kuti ndi tsoka la dziko pa 29 February, akudziwa mmene mikono imaonekera zikafika pamenepo.

Ndiye pali malangizo amene achibale amapereka mwachikondi kwa munthu amene wapezeka ndi matenda a shuga: "Basi agogo, nsima mwasiyana nayo." Malangizowa angathe kupha. Munthu amene wabaya insulin kapena wamwa mapiritsi ena otsitsa shuga n'kukhala osadya, shuga wake amagwa kupitirira muyeso. Amayamba kunjenjemera, thukuta lili kamukamu, kulankhula zosamveka, mwina kukalipa popanda chifukwa. Ena amati waledzera, ena amati amulodza, ndipo poti onse akudziwa kuti ndi wa shuga, palibe amene angayerekeze kumupatsa chotsekemera. Komatu pa ola limenelo mankhwala ake ndi omwewo: masupuni aang'ono atatu kapena anayi a shuga m'kapu ya madzi, ngati akutha kumeza, kenako chakudya. Ngati wakomoka musamuthire madzi mkamwa, angatsamwe. Mupakeni shuga wonyowetsa mkati mwa tsaya, mum'goneke chammbali, muthamange naye kuchipatala. Zomwezi zimachitikira mwana wodwala malungo aakulu, komanso bambo amene wamwa kachasu wa masau pamimba yopanda kanthu, chifukwa mowa umatsekereza chiwindi kupanga shuga watsopano.

Chofunika kwa agogo aja ndi kuchepetsa mitanda, kudya pa nthawi yake, ndi kuchulukitsa ndiwo: pende, nyemba, chibwabwa, therere. Mgaiwa, kapena ufa wa roller wa m'sitolo, umaposa ufa woyera wa breakfast chifukwa gaga akadalimo, ndipo gagayo amathandiza matumbo. Koma ndaonapo anthu akuyesa mgaiwa mankhwala. Mitanda itatu ya mgaiwa imakwezabe shuga. Uchi ndi shuga wabulauni nazonso magazi sazisiyanitsa kwenikweni ndi shuga woyera.

Zoti matendawa ndi a anthu onenepa a ku Lusaka, tisataye nazo nthawi. Amagwira ndi owonda omwe, ngakhale ana, amene thupi lawo lasiya kupanga insulin. Ludzu losatha, kukodza usiku wonse, kuwonda ukudya, nyerere kuunjikana pamene wakodza: woona zimenezi akayezetse.

Chikhulupiriro chimene chimandiwawa kwambiri ndi cha diripi. Mwana akatsegula m'mimba, mayi amene wapatsidwa paketi ya ORS, ya mchere ndi shuga zosungunula m'madzi, amabwerera kunyumba ali wokhumudwa, amvekere, "Sanandithandize, angondipatsa madzi a mchere." Kwa ife mankhwala enieni ndi olowera mu singano. Chonsecho m'kapaketi kameneka muli nzeru imene yapulumutsa ana mamiliyoni. M'chaka cha 1960 wasayansi Robert Crane anafotokoza kuti khoma la matumbo lili ndi tizitseko timene timalowetsa mchere ndi glucose pamodzi, china sichilowa popanda chinzake, ndipo madzi amatsatira pambuyo. Tizitseko timeneti timagwirabe ntchito ngakhale munthu akudwala kolera. M'chaka cha 1971, pa nkhondo ya ufulu wa Bangladesh, dokotala Dilip Mahalanabis anali mumsasa wa othawa nkhondo ku Bangaon, m'dziko la India, madiripi atatha. Anasungunula mchere ndi shuga m'migolo, nauza achibale kuti azimwetsa odwala kolera awo. Imfa zinatsika kuchoka pa anthu pafupifupi 30 pa 100 alionse kufika pansi pa 4.

Ife amene timamwa madzi a Luangwa ndi Zambezi, amene timaoloka kupita ku Zumbo ndi ku Kanyemba, nkhaniyi ndi yathu. Kolera amene anayamba mu October 2023 anachititsa kuti bwalo la masewera la Heroes ku Lusaka lisanduke chipatala. Munthu wa kumudzi asanafike kuchipatala ku Katondwe kapena ku Boma, ulendo wokhawo ungathe kumuumitsa thupi. Paketi ikasowa, tengani lita imodzi ya madzi owiritsa, masupuni aang'ono 6 a shuga osasefukira, ndi theka la kasupuni ka mchere. Mumwetseni pang'onopang'ono; akasanza dikirani mphindi 10, muyambenso. Mwana apitirize kuyamwa, ndipo mapiritsi a zinki amwe masiku 10 mpaka 14. Diripi ili ndi malo ake, kwa amene wafooka kwambiri kapena sakutha kumwa, ndipo woteroyo asachedwetsedwe pakhomo.

Apa muyeso ndiwo mwini nkhani. Dzanja lachifundo limene limawonjezera shuga kuti mwana amwe mokondwa limaononga, chifukwa shuga wochuluka amakokera madzi m'matumbo ndipo kutsegulako kumakula. N'chifukwa chake zakumwa zotsekemera za m'botolo, zimene timagulira wodwala pa kantini poganiza kuti zimubwezera mphamvu, sizingalowe m'malo mwa ORS: shuga wadzaza, mchere mulibe.

Shuga sali m'mbale mokha. Selo lililonse la thupi lavala tinthambi ta shuga kunja kwake, ndipo ndi timeneti maselo amazindikirana. Magulu a magazi A, B ndi O, amene Karl Landsteiner anawatulukira mu 1901, amasiyana pa kachidutswa kamodzi ka shuga kunsonga kwa tinthambito. Anamwino akamayeza magazi asanawonjezere mayi wobereka, akufufuza kachidutswa kameneko. Mumkaka wa m'mawere mulinso mitundu ya shuga imene khanda siligaya n'komwe. Ntchito yake ndi kudyetsa tizilombo tabwino ta m'matumbo ndi kukola toipa tisanamamatire. Amene amati mkaka wa mayi ndi wamadzimadzi, mwana ayambe phala pa miyezi iwiri, akumulanda chitetezo chimenechi. Miyezi 6 yoyamba bere lokha likwanira.

Phala likayamba, vuto limatembenuka. Phala la ufa woyera lothira shuga limakhutitsa, mwana n'kugona, amayi n'kuyesa wadya. Wapeza mphamvu yokwawira, koma zomangira thupi mulibe. N'zoona kuti kuyambira 1998 shuga wogulitsidwa m'Zambia amathiridwa vitamini A, koma chimenecho si chifukwa chodzazira supuni. Nsomba zouma zimene timatumiza ku Luangwa Bridge kuti apaulendo agule, imodzi itsale. Isinjidwe mu mtondo, isefedwe bwino kuchotsa minga, ilowe m'phala pamodzi ndi nsinjiro ndi ufa pang'ono wa malambe.