Kompyuta Ikalakwitsa, Dandaulo Lipite Kuti?

CHONGWE — Pa kutha kwa mwezi uliwonse anchito a zaumoyo m'makiliniki a Boma la Chongwe, monga ku Chalimbana, Kanakantapa ndi Kasisi, amawerengera odwala onse amene anawaona: a malungo angati, ana olandira katemera angati, amai obereka angati. Ziwerengero zimenezi zimalowetsedwa m'pulogalamu ya pa kompyuta yochedwa DHIS2, imene Unduna wa Zaumoyo wakhala ukugwiritsa nchito zaka zoposa 10. Akuluakulu a ku Lusaka amayang'ana m'menemo polinganiza za mankhwala ndi maukonde a udzudzu. Motero nambala ikasokonekera m'makina, wovutika ndiye mai wa kumudzi amene wafika pa kiliniki ndi mwana wotentha thupi.

Pulogalamuyi inabadwira ku South Africa m'zaka za m'ma 1990. Mtundu wake waciwiri unayamba nchito ku Kerala, m'dziko la India, m'caka ca 2006, ndipo lero uyang'aniridwa ndi University of Oslo ku Norway, nugwiritsidwa nchito m'maiko oposa 70. Sigulidwa ndi ndalama, ndipo malembo ake a m'kati ali poyera kuti wodziwa aliyense awawerenge, awakonze kapena aonjezerepo. Ndico cifukwa cake akatswiri ena amapanga timapulogalamu tating'ono tolumikiza ku yaikuluyo, monga mmene mlimi amangira pulawo kapena ngolo ku goli limodzimodzi. Goli likasinthidwa, ngolo yakale nthawi zina sikwananso, ndipo dandaulo liyenera kupita kwa mwini ngolo, osati kwa wosema goli.

Madandaulo ali a mitundu iwiri, ndipo sayenera kusakanizidwa. Woyamba ndi wa cilema: makina akana kucita cimene anapangidwira, monga kuphatikiza 12 ndi 30 ndi kuonetsa 24. Waciwiri ndi pempho: makina ali bwino, koma wanchito afuna cinthu catsopano, monga malo olembamo mudzi umene wodwala wacokera. Cilema cifuna kukonzedwa msanga. Pempho liyamba layesedwa kulemera kwake.

Kungonena kuti makina afa sikuthandiza, monga momwe wodwala wongoti "ndadwala" sathandizira dokotala. Wodandaula alembe zinthu zinai: cimene anacita, cimodzi ndi cimodzi kuyambira potsegula makina, cimene anayembekeza kuona, cimene anaona m'malo mwake, ndi nambala ya mtundu wa pulogalamu imene ali nayo. Cithunzi ca pa galasi la kompyuta cithandiza kwambiri, koma dzina la wodwala lisaonekepo, pakuti lamulo loteteza zinsinsi za anthu la m'caka ca 2021 likhudzanso za umoyo wao.

Dandaulo liyambe kwa woyang'anira ziwerengero ku ofesi ya zaumoyo ya pa boma. Zambiri zimathera pomwepo, cifukwa vuto lingakhale la intaneti, la magetsi kapena la kalembedwe ka wanchito. Zimene zakanika zimakwera ku cigawo mpaka ku likulu la Unduna ku Ndeke House, kumene mafomu a dziko lino amakonzedwa. Zokhudza thunthu la pulogalamu ndizo zifika kwa opanga ake, amene amazilemba m'kaundula wochedwa Jira, dandaulo lililonse ndi nambala yake. Kumeneko katswiri amayamba wabwereza njira yonse imene wodandaula anafotokoza. Cilema cikapanda kuonekanso pamaso pake, cimavuta kukonza. Zilema zotaya ziwerengero kapena zoulula zinsinsi zimaikidwa patsogolo. Pempho limayesedwa poona kuculuka kwa olifuna, ndipo lina limakanidwa ngati lingapindulitse ocepa ndi kulemetsa makina kwa onse.

Apa pafunika kuleza mtima, makamaka pa timapulogalamu tating'ono tija, pakuti tina timasamalidwa ndi anthu ocepa amene ali ndi nchito zinanso. Mau aulemu ndi omveka amayankhidwa msanga koposa kalata ya ukali, ndipo wofunsidwa kuti alongosolenso ayankhe, asaleke nkhani panjira.

Katswiri wa ku Oslo sangaone cimene cacitika pa kiliniki ya ku Kanakantapa ngati palibe womuuza. Makolo anati wamva m'mimba ndiye atsekula citseko. Namwino, kalaliki ndi makomiti a zaumoyo a m'midzi akaona nambala yosagwirizana ndi ya m'buku, ailembe tsiku lomwelo ndi kuipereka ku boma, mvula isanagwe ndi malungo asanaculuke.