KUMASULA MABAWUTI A DZIMBIRI POKONZA MABULEKI

Alimi ndi matenanti nonse, nyengo yogulitsa mbewu yayandikira. Posachedwa mapikiapu ndi malole ayamba kututa mabelo a fodya kupita ku okushoni ku Limbe, ku Kanengo, ku Chinkhoma ndi ku Mzuzu, ndipo ena anyamula mtedza, thonje ndi chimanga kupita kumisika. Galimoto yolemedwa ndi katundu imadalira mabuleki, makamaka pa zitsetse zoopsa monga za ku Chiweta ndi ku Khwekhwerere. N'chifukwa chake ambiri a inu amene muli ndi galimoto, kapena amene mumasamala galimoto ya pa esiteti, mumasintha nokha mapadi ndi mashuzi a mabuleki pakhomo.

Ntchito imeneyi siivuta, koma kawirikawiri imaima chifukwa cha bawuti imodzi yokana kumasuka. Munthu akapsa mtima amaikapo mphamvu zake zonse, mutu wa bawuti n'kutha makona, mwina bawutiyo n'kudukira m'kati. Apo ntchito ya ola limodzi imasanduka ya sabata yathunthu, ndipo tsiku lopereka mabelo limadutsa galimoto ili chikhalire pakhomo. Dziwani kuti bawuti ya dzimbiri imafuna nthawi ndi chida choyenera. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha.

CHIMENE CHIMAKANIKITSA BAWUTI

Dzimbiri limatenga malo aakulu kuposa chitsulo chimene lachokerako. Likalowa m'mazinga a bawuti limatupa n'kutseka kampata kamene kanali pakati pa bawuti ndi nati. Mabawuti a kumabuleki amavutika kuposa ena onse chifukwa amasambira m'matope nyengo yonse ya dzinja, komanso amatentha ndi kuzizira tsiku ndi tsiku. Feteleza nayenso amadya chitsulo. Galimoto imene inatuta matumba a Urea kapena CAN osatsukidwa bwino imachita dzimbiri msanga kunsi kwake.

Mutu wa bawuti umatha makona chifukwa cha sipanala yosakwana. Magalimoto a ku Japan, monga Toyota, Nissan ndi Isuzu, ali ndi mabawuti oyezedwa m'mamilimita, ambiri a 10, 12, 14, 17 ndi 19. Magalimoto akale a ku Mangalande, monga Land Rover, ali ndi ambiri oyezedwa m'mainchi. Sipanala ya mainchi 9/16 ndi mamilimita 14.3, motero imalowa pa bawuti ya 14 koma imagwedera pang'ono. Kugwedera kumeneko n'kokwanira kuwononga mutu wa bawuti yolimba.

MUSANAGWIRE SIPANALA

Imikani galimoto pamalo athyathyathya ndi ouma. Tsekerani miyala kumatayala amene atsale pansi. Masulani pang'ono manati a gudumu tayala lisanachoke pansi. Mukakweza, chirikizani galimoto ndi zochirikizira zachitsulo kapena zipika zolimba. Musadalire jeke yokha ndipo musaike njerwa, chifukwa zimaphwanyika mosachenjeza. Pomasula bawuti yolimba galimoto imagwedezeka, ndipo ikagwa imagwera inu.

Pa malole ena, monga Mitsubishi Canter, manati a magudumu a kumanzere amamasukira mbali yosiyana ndi manati ena onse. Yang'anani chilembo cha L pa nati kapena pansonga ya bawuti musanayambe kulimbana nayo. Kumbukiraninso kuti mabawuti a kalipa, chitsulo chija chimagwira mapadi, mitu yawo imayang'ana m'kati mwa galimoto. Inu mutakhala kunja, n'kosavuta kumanga pamene mukuganiza kuti mukumasula.

Fumbi la m'mabuleki musaliuzire ndi pakamwa kapena ndi pampu. Mashuzi ena akale ali ndi asibesito amene amawononga mapapo. Pukutani ndi nsalu yonyowa.

NJIRA YOMASULIRA

1. Palani matope ndi dzimbiri ndi burashi ya waya mpaka mutu wa bawuti ndi mazinga zioneke.

2. Thirani mafuta olowerera m'dzimbiri amene amagulitsidwa m'zitini zopopera. Ngati mulibe, madontho a palafini kapena dizilo amathandiza. Thirani madzulo, mubwerezenso m'mawa. Samalani kuti asagwere pa mapadi, pa mashuzi kapena pa labala iliyonse ya mabuleki, chifukwa mafuta otere amatupitsa labala.

3. Menyani mutu wa bawuti ndi hamala kangapo molunjika. Kumenya kumeneku kumaswa dzimbiri m'mazinga, mafuta n'kupeza njira.

4. Gwiritsani ntchito soketi ya makona 6 kapena sipanala ya ring'i, ndipo ilowe mpaka pansi pa mutu. Sipanala yotsegula kukamwa ndi bobojani zimagwira mbali ziwiri zokha, choncho zimaterereka.

5. Yambani mwa kumanga pang'ono zedi, kenaka masulani. Ikasuntha, musaithamangitse. Ibwezeni, thiraninso mafuta, masulaninso, mpaka ituluke mosavuta.

6. Ngati mphamvu ikuchepa, lowetsani payipi kuchigwiriro kuti chitalike, ndipo kokani pang'onopang'ono osati modzidzimutsa. Mukamva bawuti ikufewa ngati phala koma osatuluka, lekani pomwepo. Ikupotoka ndipo yatsala pang'ono kuduka.

Moto umathandiza pamene zonsezi zakanika. Tenthani nati kapena chitsulo chozungulira bawuti kuti chifutukuke, osati bawuti yeniyeniyo. Pukutani mafuta onse musanayatse, ndipo madzi ndi mchenga zikhale pafupi. Moto usayandikire thanki ya petulo, mapayipi a labala, kapena chitsulo chimene m'kati mwake muli mafuta a mabuleki. Musachite zimenezi pafupi ndi chigafa kapena shedi ya fodya.

MUTU UKATHA MAKONA

Sipanala ikangoterereka kamodzi, musabwereze. Tengani soketi yocheperako pang'ono, monga ya 13 pa mutu wa 14 umene wadyeka kwambiri, muikhomere ndi hamala. Njira ina ndiyo kusema mutuwo ndi tupa mbali ziwiri kuti sipanala yaing'ono igwire, kapena kuupana ndi pulayala yokhoma ija imatsekeka yokha. Ngati malo alipo, ikani tchizulo m'mbali mwa mutu, muikhome mopendeketsa kulowera mbali yomasukira. Nati yokanika mungathe kuicheka mbali imodzi ndi sowo ya chitsulo, n'kuing'amba ndi tchizulo.

BAWUTI IKADUKA

Ngati chotsalira chikuonekera kunja, njira yabwino ndiyo kuwotchererapo nati. Kutentha kwa kuwotchererako kumaswanso dzimbiri. Chotsani waya wa batire asanayambe kuwotcherera, kapena masulani chitsulo chonsecho mupite nacho kwa wowotcherera.

Ngati yadukira m'kati, pamafunika kuiboola pakati penipeni. Dirilo ikapatuka pang'ono imadya mazinga a kalipa, ndipo kachitsulo kozulira kamene amalowetsa m'bowolo kakadukiramo sikabooleka, chifukwa n'kolimba kuposa dirilo wamba. Apa ndiye pofunika kuima. Kupita ndi chitsulocho ku galaja n'kotchipa kusiyana ndi kugula kalipa yatsopano.

NATI YA PAYIPI NDI KABAWUTI KOTULUTSIRA MPWEYA

Ziwirizi n'zosachedwa kuwonongeka. Nati ya payipi ya mafuta a mabuleki ili ndi sipanala yakeyake, yonga ring'i koma yodulidwa kampata kolowera payipi. Pomasula yang'anitsitsani payipiyo. Ikamazungulira limodzi ndi nati, lekani, thirani mafuta, dikirani. Payipi yopotoka kapena yodyeka ndi dzimbiri isinthidwe yonse. Musaimate kapena kuimanga ndi labala.

Kabawuti kotulutsira mpweya kali ndi bowo m'kati, motero kamaduka ndi mphamvu yochepa. Gwiritsani ntchito ring'i yaifupi, kawirikawiri ya 8 kapena 10, ndipo musaonjezerepo payipi.

DILAMU YOKANA KUCHOKA

Tsitsani handibuleki, ndipo bwezani choyandikizira mashuzi kudzera pa kabowo kake. Menyani nkhope ya dilamu pakati pa mabawuti a gudumu, osati m'mphepete mwake, chifukwa chitsulo cha dilamu chimasweka. Madilamu ambiri a magalimoto a ku Japan ali ndi mabowo awiri a mazinga. Lowetsanimo mabawuti awiri a M8, muwamange mosinthanasinthana, dilamuyo ituluka yokha.

POMANGANSO

Bawuti iliyonse imene mwaitentha, kuisema kapena kuipotola itayeni. Yatsopano ikhale yofanana ndi yakale kutalika, mazinga ndi kulimba kwake. Kulimbako kumalembedwa pamutu, monga 8.8 kapena 10.9. Bawuti yopanda nambala, yogula pa benchi ya pamsika, n'njoyenera pa chitseko cha khola, osati pa mabuleki. Yambani kumanga ndi zala kuti mazinga asapingasane, ndipo girisi asafike pa mapadi, pa mashuzi kapena m'kati mwa dilamu.

Ngati munatsegula payipi, tulutsani mpweya wonse ndipo thirani mafuta a mabuleki a mtundu wolembedwa pachivundikiro, DOT 3 kapena DOT 4, ochokera m'botolo losatsegulidwa, popeza mafutawa amayamwa chinyezi. Musanayende pondani buleki kangapo mpaka ilimbe. Yesani galimoto pang'onopang'ono pamalo opanda ana ndi ziweto, ilibe katundu, kenaka suzumirani ngati pali podontha.

Yambani ntchito imeneyi msika usanatsegulidwe, sabata ziwiri kapena zitatu tsiku lanu lotumiza mbewu lisanafike, kuti mafuta apeze nthawi yolowa ndi inu mupeze nthawi yofuna bawuti yoyenera. Mukatsitsa feteleza tsukani galimoto kunsi komwe. Ngati buleki ikufewabe kapena galimoto ikukokera mbali imodzi, musakweze belo ngakhale limodzi makaniko asanaione. Fodya wochedwa sabata imodzi amagulitsidwabe, koma amene akwera pamwamba pa mabelowo ndi ana anu ndi anansi anu.