Chinangwa Chimene Chidali pa Pepala

Mlimi akafuna kudziŵa ngati chakudya chake chidzamfikitsa ku masika, safunsa munthu. Amapita kunkhokwe, nasuzumira, naona pamene chimanga chalekeza. Boma silingathe kutero. Nkhokwe za dziko lino nzosaŵerengeka, zomwazika kuyambira ku Chitipa kufikira ku Nsanje, ndipo palibe nduna imene ingasuzumire mu iliyonse. Pokonza mfundo zoyendetsera dziko, boma limadalira ziŵerengero zolembedwa papepala ndi anthu ofufuza. Nkhani ya lero ikufotokoza zimene zidachitika chaka china pamene pepala ndi nkhokwe zidasiyana mau.

Omvera ambiri akukumbukira dzinja la 2001. Mvula idachuluka, mitsinje idasefukira, ndipo m'minda yambiri madzi adakhazikika mpaka chimanga kuchita chikasu. Chaka cha 2000 dziko la Malaŵi lidakolola chimanga chokwana matani 2.5 miliyoni, koma mu 2001 lidapeza pafupifupi matani 1.7 miliyoni okha. Kutsika kumeneku sikudabisike, akuluakulu onse adakudziŵa. Koma papepala lomwelo padali mzere wina wotonthoza mtima. Mzerewo unkanena kuti chinangwa ndi mbatata zabereka kwambiri, kotero kuti kuphatikiza zonse pamodzi, chakudya m'dziko nchokwanira. Boma lidakhulupirira, maiko ndi mabungwe othandiza nawonso adakhulupirira, ndipo miyezi idayamba kupita.

Kodi chiŵerengero chotere chimachokera kuti? Chimayambira kwa mlangizi wa zaulimi, munthu mmodzi woyang'anira midzi yambiri, kaŵirikaŵiri woyenda pa njinga yakapalasa. Iye amalemba zimene waona m'dera lake, natumiza kwa omuyang'anira, iwonso naphatikiza ndi za madera ena mpaka zonse zikafika ku likulu la Unduna wa Zamalimidwe. Pa chimanga ntchitoyi njotheka ndithu, pakuti chimanga chimaoneka ndi maso, chimacha nthaŵi imodzi, ndipo munthu angathe kupima kachigawo ka munda, kukolola ndi kuika pasikelo. Chinangwa chili ndi khalidwe lina. Chimabereka pansi pa nthaka pamene diso silifika. Mwini munda sachikolola tsiku limodzi; amazula phata limodzi lero, lina mkuja, monga momwe mphika ukufunira, ndipo china chimagonera m'munda kupitirira chaka. Nthaŵi zambiri chimabzalidwa mosakaniza ndi mbeu zina, kapena m'malire mwa munda. Mlangizi wopanda sikelo ndi chingwe chopimira amangoyerekeza, ndipo kuyerekeza kwa anthu mazanamazana kukaphatikizidwa kumatuluka ngati nambala imodzi yooneka yaulemu, yosasonyeza konse kuti idabadwa mwa kuponya maso.

Palinso china chimene sichiyenera kubisidwa. Chichokere chilala cha 1992, boma ndi mabungwe adalimbikitsa kwambiri ulimi wa chinangwa ndi mbatata, nagaŵa mbeu m'maboma ambiri. Ntchitoyo idali yabwino. Koma munthu amene wauzidwa kuti afalitse mbeu, ndiyeno nkufunsidwa yekha kuti anene m'mene mbeuyo yafalikira, waikidwa pa mayeso ovuta. Safunika kukhala wabodza kuti dzanja lake lilemere pang'ono polemba.

Ziŵerengero zomwezo zikadayenera kudzutsa mafunso. Mu 1999 zidasonyeza chinangwa chosafika matani 1 miliyoni, koma pofika 2001 zidasonyeza choposa matani 3 miliyoni. Munthu wosamala akaona mbeu ikuŵirikiza katatu m'zaka ziŵiri amayamba waima, nafunsa kuti, kodi chimene chikuyezedwachi nchachiŵisi kapena chouma? Funsoli silachabe, chifukwa gawo loposa theka la kulemera kwa chinangwa chachiŵisi ndi madzi, ndipo mai aliyense wa ku Nkhata Bay amadziŵa m'mene dengu lodzaza limachepera likasanduka ufa wa kondowole. Funso lachiŵiri nlakuti, chinangwacho chili kuti? Kwao kwenikweni ndi m'mbali mwa nyanja, ku Karonga, Nkhata Bay ndi Nkhotakota. Chikazulidwa sichikhalitsa, pakapita masiku aŵiri kapena atatu chimayamba kuda. Tsono ngakhale chikadachulukadi kunyanjako, banja la ku Mchinji kapena ku Kasungu lopanda ndalama m'thumba silikadakhuta nacho. Akale adati fodya ndi uyu ali pamphuno.

Apa ndiye pagona kusiyana kwa chiŵerengero chodalirika ndi chiŵerengero chongolembedwa. Chodalirika chimatha kuyankha wochifunsa: adayeza ndani, adayeza bwanji, liti, ndipo kuti? Chimalola kuti munthu wina, wosakhala mnzake wa woyamba uja, apite kumunda komweko ndi sikelo yake nakapeze zofanana. Chimagwirizananso ndi mboni zina. M'chaka cha 2001 mboni zinazo zidalipo, ndipo zinkatsutsa pepala poyera. Yoyamba idali msika. Chimanga chimene chinkagulidwa pafupifupi K4 pa kilogalamu nthaŵi yokolola chidafika pa K40 m'misika ina pofika Januwale 2002. Chakudya chikakhala chochuluka mtengo suthamanga chotero. Mboni yachiŵiri idali midzi yeniyeniyo, kumene anthu ankagulitsa mbuzi ndi ziŵiya pa mtengo wolira, nadya gaga ndi zitsa za nthochi. Bungwe la Save the Children la ku Britain, litafufuza ku Mchinji ndi ku Salima chakumapeto kwa 2001, lidachenjeza kuti zinthu zaipa. Ansembe ndi mabungwe a m'dziko momwemuno nawonso adakweza mau. Koma malipoti otereŵa ankaoneka ngati nkhani za apa ndi apo, pamene chiŵerengero cha dziko lonse chinkaoneka ngati sayansi. Mtsogoleri wa dziko pa nthaŵiyo, a Bakili Muluzi, adalengeza kuti dziko lili pa ngozi ya njala pa 27 Febuluwale 2002, anthu atayamba kale kumwalira.

Chinangwa sichidali chiŵerengero chokhacho chosoŵa mboni. M'chaka cha 2000 nkhokwe zosungira chimanga cha padzidzidzi zidali ndi matani oposa 160,000. Bungwe la IMF lidalangiza kuti chichepetsedwe pofuna kubweza ngongole ndi kuchepetsa ndalama zosungira, koma chimene chidachitika nchakuti pafupifupi chonse chidagulitsidwa. Pamene njala idafika, funso lakuti chimangacho chidapita kwa yani, ndipo pa mtengo wanji, lidasoŵa yankho lomveka, kufikira nkhaniyo idaloŵa m'manja mwa ofufuza za katangale. Maiko othandiza adazengereza kutsegula dzanja asadamve yankholo. Chimanga chimene boma lidaitanitsa ku South Africa chidachedwa m'njira. Wolipira kuchedwa konseku adali mwana wa kumudzi.

Ngakhale funso looneka lapafupi, lakuti mabanja a alimi alipo angati, lidali ndi mayankho aŵiri m'zaka zomwezo. Kalembera wa anthu wa 1998, wochitidwa ndi ofesi ya ziŵerengero ya ku Zomba, adapeza mabanja a kumidzi osafika 2 miliyoni. Kaundula wa olandira mbeu ndi feteleza wa Starter Pack chaka chotsatira adali ndi maina oposa 2.8 miliyoni. Ena adati kalembera adadumpha anthu, ena adati kaundula adatupa chifukwa dzina lililonse linkabweretsa thumba. Wogaŵa chakudya pa nthaŵi ya njala ayenera kusankha chimodzi mwa ziŵirizi, ndipo akalakwitsa, kaya chakudya chimaperewera kaya chimapita kwa anthu amene kulibe.

Sikuti njala ya 2002 idadza ndi ziŵerengero. Idadza ndi mvula yoipa, umphaŵi wozika mizu, kuchepetsedwa kwa chithandizo cha feteleza ndi mbeu, matenda a Edzi amene adafooketsa mabanja, ndiponso kusamvana kwa boma ndi maiko othandiza. Chimene chiŵerengero cholakwika chidachita ndi kuba nthaŵi. Pakati pa kukolola kwa 2001 ndi chilengezo cha Febuluwale padapita miyezi yokwanira kuitanitsa chimanga misewu isadaonongeke ndi mvula, ndi kuchifikitsa kumidzi mabanja asadagulitse mbuzi yomaliza.

M'chaka chomwecho cha 2002 kudakhazikitsidwa komiti younika za kusoŵa kwa chakudya, yodziŵika ndi dzina lakuti MVAC, m'mene boma, mabungwe a United Nations ndi mabungwe ena amakhalira pamodzi. Ubwino wake ngwakuti ofufuza amapita m'madera kukafunsa zimene banja lakolola, zimene lingagule ndi ndalama za ganyu, ndi mwezi umene chakudya chidzathe, ndipo zopeza za mmodzi zimayesedwa ndi za mnzake asadazilengeze.

Nanga anthu amene adamwalira ndi njala imene ija adali angati? Ziŵerengero za boma zidatchula mazana angapo. Mabungwe amene adayenda m'midzi kulemba maina adatchula zikwi. Ofufuza ena pambuyo pake adati mwina adali zikwi makumi angapo. Masiku amenewo imfa zambiri za kumudzi sizinkalembedwa m'kaundula wa boma, kotero kuti mboni zotsala ndi mafumu amene adapereka malo kumanda, ndi adzukulu amene adakumba.