Madzi a m'botolo: tiyeni tiwerengetse kaye

Kolera itavuta mu 2022 ndi 2023, n'kupha anthu oposa 1,700 m'Malawi muno, mabanja ena anathawira ku madzi ogula a m'botolo. Si nzeru yoipa ayi, bola chitsekero chikhale chosatsegulidwapo, ndipo pabotolopo pakhale chizindikiro cha Malawi Bureau of Standards.

Koma tatengani cholembera. Banja la anthu asanu, aliyense akamamwa malita awiri patsiku, ndiye kuti pakufunika malita 10. Amenewo ndi mabotolo 20 a theka la lita tsiku lililonse, 600 pamwezi. Nanga otsukira ndiwo ndi mbale? Thumba la makolo lingapirire?

Apa ndi pomwe fizikisi imatithandiza. Botolo lapulasitiki loonekera mkati lija likatha, musataye. Litsukeni, thiranimo madzi, tsekani, n'kuligoneka padenga la malata padzuwa lamphamvu kwa maola 6. Dzuwa limatulutsa cheza chosaoneka ndi maso chotchedwa UV-A, chomwe chimadutsa pulasitikiyo n'kupha tizilombo toyambitsa matenda otsegula m'mimba. Madziwo akatenthanso ndi malata, ntchito imafulumira. Kukachita mitambo, dikirani masiku awiri.

Chenjerani: matope amatchinga chezacho, choncho madzi akakhala akuda muyambe mwasefa. Dzuwa silichotsanso mankhwala apoizoni. Tsiku lamvula, wiritsani kapena thirani klorini basi.