Kuwala kwa kashiamu ndi mitsempha ya wopopera fodya

M'mafamu a fodya a ku Mashonaland m'dziko la Zimbabwe, monga ku Mvurwi, Karoi ndi Marondera, komwe antchito ambiri ndi zidzukulu za anthu ochokera ku Malawi, wopopera mankhwala ophera tizilombo a gulu la organophosphate wopanda zodzitetezera nthawi zina amachucha dovu ndi thukuta, mwana wa diso n'kuchepa, minofu n'kumanjenjemera yokha. Gwero la zizindikirozi ndi lakuti uthenga wamagetsi ukafika kumapeto kwa mtsempha, timipata timatseguka ndipo kashiamu, yemwe kunja kwa selo amachuluka kuwirikiza ka 10,000 kuposa mkati, amalowa mwaliwiro n'kuchititsa kuti mtsempha utulutse acetylcholine, mankhwala achilengedwe olamula mnofu kuti ukoke. Mankhwala opoperawo amalepheretsa puloteni yochotsa acetylcholine kugwira ntchito, motero lamulolo silitha.

Popeza selo lililonse la mtsempha likamagwira ntchito kashiamu amakwera mkati mwake, akatswiri anafunafuna njira yomuonetsera. Mu 1962 Osamu Shimomura anapeza aequorin, puloteni ya kanyama ka m'nyanja kotchedwa Aequorea victoria, yomwe imawala ikakhudzana ndi kashiamu. Mu 1985 Roger Tsien ndi anzake anapanga fura-2, utoto wolowa m'selo umene kuwala kwake kumasintha malinga ndi kuchuluka kwa kashiamu, ndipo mu 2001 Junichi Nakai anapanga GCaMP, puloteni yomwe selo limadzipangira lokha likaikidwa jini yake, kotero kuti wofufuza amasankha mtundu wa maselo omwe akufuna kuti awale.

Pa maikulosikopu yolumikizidwa ku kamera, selo labwino limang'anima mobiriwira n'kuzirala posakhalitsa, pamene kashiamu akupopedwa kubwerera kunja. Kafukufuku wa fura-2 pa makoswe omwe anakomoka ndi kuphupha chifukwa cha organophosphate anaonetsa kuti kashiamu amakhalabe wokwera m'maselo a ubongo kwa masiku angapo kuphuphako kutatha, ndipo kashiamu wotere amawononga selo.

Njira yoonera kashiamuyi ndi ya m'malo ofufuzira, chifukwa kuchipatala dokotala amayeza puloteni yochotsa acetylcholine ija m'magazi n'kubaya mankhwala a atropine. Komabe phunziro lake likukhudza mwini famu aliyense: wantchito amene wadzuka pabedi la chipatala akhoza kukhala kuti ubongo wake sunachire, choncho magolovesi, ovololo, nsapato za jombo, chophimba kukamwa ndi madzi osamba akaweruka ndi udindo wa womulemba ntchito.